Goloboyi sapsa pa moto wamapesi: za Brendan Cummins wa ku Tipperary

Akonzi,

Ndipatseniko malo pa tsamba la makalata ndinenepo za masewera amene sanafike m'mabwalo mwathu, ndi za munthu mmodzi amene anaima pagolo m'masewerawo kwa zaka 19. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu dzina la dziko la Ireland limatuluka pakamwa tsiku lililonse, paja kachewere wodzaza zidebe pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Bembeke ambiri amangomutchula kuti "airishi". Koma ku dziko lomwelo kuli chinthu china chimene aphunzitsi a zamasewera m'sukulu zathu ndi makochi a matimu a m'midzi angatoleko, ndicho kaleredwe ka goloboyi. Kwathu kuno mwana woikidwa pagolo amakhala uja sathamanga, kapena uja wafika anzake atagawana kale malo. Akalowetsa chigoli chimodzi chochititsa manyazi, Loweruka linalo pagolo paima wina. Kenako timadandaula kuti magoloboyi odalirika akusowa. Goloboyi sapsa pa moto wamapesi, ndipo mbiri ya Brendan Cummins, goloboyi wa ku Ireland, ndi umboni wake.

Masewerawo amatchedwa hurling. Amawayendetsa ndi bungwe la GAA, lomwe linakhazikitsidwa pa 1 Novembala 1884 m'tauni ya Thurles, m'boma la Tipperary. Mu 2018 UNESCO inawalemba m'kaundula wa miyambo yofunika kuisunga, momwe mulinso Gule Wamkulu wathu. Timu imakhala ndi anthu 15. Bwalo ndi lalikulu kuposa la mpira wamiyendo: m'litali mamita 130 mpaka 145, m'lifupi 80 mpaka 90. Aliyense amagwira ndodo yotchedwa hurley, yotalika ngati mpini wa khasu, kumapeto kwake yophwatalala ndi yokhota ngati chipande chomolera nsima. Amaisema ku mtengo wa ash, ndipo amadula m'munsi mwenimweni, pamene thunthu likupindikira ku mizu, kuti mitsempha ya thabwa itsate kukhota kwa chipandecho. Yosemedwa pa thabwa lowongoka imang'aluka msanga. Osema mipini kwathu kuno amadziwa chifukwa chake popanda wowauza. Kuyambira 2012 matenda akhala akupha mitengo ya ash ku Ireland, moti pano ena akupanga ndodozi ndi nsungwi.

Kampira kake, sliotar, kukula kwake ndi mamilimita 69 mpaka 72, kulemera magalamu 110 kapena kupitirira pang'ono. Mkati muli cork (khungwa lopepuka la mtengo) kapena china chofanana nalo, kunja chikopa chosokedwa ndi msoko wotukuka. Kuoneka ngati ka tenesi, koma kulimba ngati dzaye. Golo lili ngati chilembo H: mizati imatalikirana mamita 6.5, mtanda wopingasa uli mamita 2.5 kuchokera pansi, mizatiyo n'kupitirira m'mwamba. Ndiye kuti malo olondera goloboyi akungosiyana pang'ono ndi golo lathu la mamita 7.32 ndi 2.44. Kampira kakadutsa pamwamba pa mtanda, pakati pa mizati, ndi pointi imodzi. Kakalowa mu ukonde ndi chigoli, mapointi 3. N'chifukwa chake zotsatira amazilemba ndi manambala awiri: 4-17 ndi zigoli 4 ndi mapointi 17, zonse pamodzi 29. Kampira katakhala pansi sukatola ndi dzanja, umakanyamula ndi ndodo. Kali m'manja suyenda nako mapazi oposa 4, ndipo suponya. Umakamenya ndi ndodo kapena kukawomba ndi chikhatho. Matimu a maboma amasewera mphindi 70.

Katswiri akakamenya bwino kamathamanga makilomita 150 pa ola, mwina kupitirira. Tiwerengere limodzi: pa sekondi imodzi ndi mamita pafupifupi 42. Komenyedwa pa mamita 20, kamafika pagolo theka la sekondi lisanathe. Woima pamenepo chotchingira chake ndi ndodo, dzanja limodzi ndi thupi lake basi.

Cummins anabadwa pa 11 Meyi 1975 ku Ardfinnan, kumwera kwa Tipperary, dera limene limadziwika kwambiri ndi Gaelic football, mpira wa ku Ireland woseweredwa ndi mapazi ndi manja omwe, kusiyana ndi hurling. Kalabu yake ya hurling, Ballybacon-Grange, ndi yaing'ono, ya kumudzi. Ku GAA wosewera salandira malipiro. Amasewerera kalabu ya kwawo ndi timu ya boma lake, masana ali ku ntchito. Iye ankagwira ntchito ku banki. Ankaseweranso Gaelic football m'timu ya boma, ndipo kumeneko ankakhala kutsogolo, womwetsa. Ichi musachipeputse. Munthu amene anakhalapo ndi mpira kuphazi golo lili patsogolo pake amadziwa zimene womwetsa amaganiza, komwe amayang'ana ndi komwe amanamizira kuyang'ana.

Analowa pagolo la Tipperary mu mpikisano waukulu mu 1995 ali ndi zaka 20, nadzachokapo mu 2013 ali ndi zaka 38. Anasewera masewera 73 a mpikisanowo, ndipo mu 2011 anapitirira 65 a Christy Ring wa ku Cork, amene anali asanafikiridwe ndi wina kwa zaka zambiri. Mukagawa 73 ndi 19 mupeza kuti pa chaka sankakwanitsa masewera 4. Chifukwa chake n'chakuti pa zaka zake zoyambirira mpikisanowo unali wa ndime yochotsana: wagonja kamodzi, dikira chaka chamawa. Ganizirani munthu wokonzekera miyezi yonse yozizira, podziwa kuti kampira kamodzi kopulumuka m'manja kangathe kutseka chaka chonse cha boma lathunthu.

Anafika m'ndime yomaliza ya chikho cha All-Ireland, cholimbirana maboma a dziko lonse, kasanu, pa bwalo la Croke Park ku Dublin lomwe mumalowa anthu oposa 82,000. Mu 1997 anagonja kwa Clare ndi pointi imodzi yokha, 0-20 kwa 2-13, ndipo amene anatseka khomo chakumapeto anali goloboyi mnzake, Davy Fitzgerald wa Clare, potchinga mkwapulo wa John Leahy wa Tipperary. Mu 2001 anagonjetsa Galway 2-18 kwa 2-15. Kenako kunachita mdima zaka zambiri. Mu 2009 Kilkenny inawagonjetsa 2-22 kwa 0-23. Tipperary inasewera bwino tsikulo koma sinapeze chigoli ngakhale chimodzi, chifukwa P.J. Ryan pagolo la Kilkenny anakana zonse, mpaka anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Mu 2010 anabwezera: 4-17 kwa 1-18, Lar Corbett atamwetsa zigoli 3, ndipo Kilkenny inalephera kutenga chikho kachisanu motsatizana. Tsiku limenelo Cummins, ali ndi zaka 35, anamenya filikiki kuchokera mkati mwa chigawo cha timu yake, kampira n'kukadutsa pamwamba pa mtanda wa adani. Mu 2011 Kilkenny inatenganso, 2-17 kwa 1-16. Anasankhidwa m'timu ya All Stars, ya osewera 15 opambana onse pa chaka, kasanu: 2000, 2001, 2003, 2008 ndi 2010.

Chaka chimene ndikufuna makochi athu achiyang'anitsitse ndi 2007. Tipperary italepherana ndi Limerick, mphunzitsi wa timuyo, Babs Keating, anamuchotsa Cummins n'kuika mnyamata wina, Gerry Kennedy. Cummins anali ndi zaka 32 ndi ma All Stars atatu, koma anatha nyengo yonseyo ali pabenchi. Timuyo inatulutsidwa ndi Wexford m'ndime ya makota, ndipo chigoli chowatulutsa chinamwetsedwa ndi goloboyi wa Wexford, Damien Fitzhenry, amene anachoka pagolo lake kukamenya filikiki yapafupi. Ambiri pa msinkhu umenewo akadapachika nsapato. Iye sanasiye. Liam Sheedy atatenga timu mu 2008 anamubwezera pagolo, ndipo chaka chomwecho anasankhidwanso m'timu ya All Stars. Chikho chake chachiwiri chinabwera patatha zaka 3 kuchokera pamene ankaoneka ngati watha.

Si iye yekha. Noel Skehan wa ku Kilkenny anakhala pabenchi kumbuyo kwa Ollie Walsh kuyambira 1963, ndipo golo linadzakhala lake mu 1972 ali ndi zaka 27. Kuchokera pamenepo anapambana All-Ireland ka 6 ali m'bwalo, komaliza mu 1983 ali ndi zaka 38. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timu imene imasunga goloboyi wachiwiri, kumuphunzitsa mofanana ndi woyamba, kumupatsa masewera ang'onoang'ono kuti asachite dzimbiri, ndiyo imene sigwa pamene wamkulu wakalamba.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo, poti n'kumene kuli phindu. Kaimidwe ndiko maziko. Dzanja lamphamvu limagwira ndodo kumutu kwa mpini, linalo limatsamira chapafupi ndi chipande, lokonzeka kusiya ndodo n'kuwakha. Mawondo amapindika pang'ono, thupi likulemerera ku zala za mapazi, zidendene zitangokhudza pansi. Saima pamzere weniweni. Amatsogola phazi limodzi kapena awiri. Potero golo limachepa m'maso mwa womenya, komanso kampira kakapulumuka kamagwera kutsogolo kwa mzere, osati kumbuyo. Woima ndi zidendene phazi lake loyamba limachedwa, ndipo pa theka la sekondi palibe lachiwiri. Wotsogola mopitirira naye kampira kamamudutsa pamutu n'kugwera pansi pa mtanda. Ndodo ya goloboyi imakhala ndi chipande chachikulupo, ndipo ambiri amasunga ina mu ukonde yomenyera kutali.

Kampira kochokera m'mwamba ndiko kamaononga mbiri za anthu. Kamenyedwa pa mamita 70 kapena 80, kakutsika molunjika pansi pa mtanda, pamene pali adani ndi anzako, ndodo zili m'mwamba zikuwombana. Njira zilipo ziwiri. Kuwakha: dzanja m'mwamba, ndodo itaimikidwa kumbuyo kwa dzanjalo kuti ndodo za ena zisathyole zala, zala zili zomasuka kuti kampira kakalowa dzanja libwerere nako pang'ono. Kapena kukamenya ndi chipande kupita m'mbali, kutali. Chofunika n'kusankha msanga, kampira kakadali kutali, n'kufuula kuti otseka kumbuyo amve. Zolakwika zake zimadziwika. Wina amayamba ndi maganizo owakha, ali m'malere n'kusintha kuti amenye, mapeto ake sachita chilichonse mwa ziwirizo. Wina amamenya ndithu, koma kubwezera pakati, pamene pali womwetsa woyang'ana golo. Wina amachotsa diso pa kampira kuti aone mdani amene akumuthamangira. Wina zala zimauma ndi mantha, kampira n'kugunda pachikhatho phaa, n'kudumphira kunja. Lamulo limamuteteza pang'ono: m'kabokosi kake ka mamita 14 ndi 4.5 saloledwa kugundidwa ndi phewa, ndipo mdani sayenera kulowamo kampira kasanalowe. Koma kulimbirana kampirako n'kololedwa.

Kapansi kovuta koposa ndi kamene kanjanja pafupi, mita imodzi kapena iwiri patsogolo pake. Omwetsa ochenjera amachita kumenyera dala pansi. Msoko wotukuka uja ukagunda nthaka kampira kamapatuka. Pa udzu wonyowa kamatsetsereka osakwera, pa nthaka youma kamalumpha. Mankhwala ake ndi kuika chipande moyang'anizana nako, chitawerama pang'ono kutsogolo, manja akugwira mofewa kuti kampira kafere pomwepo, miyendo ndi thupi zili kumbuyo kwa ndodo ngati mpanda wachiwiri. Wofuna kukakwapula kakubwera amakaphonya. Wogwira ndodo zolimba amakabweza kwa mwini wake. Wotangadza miyendo amakamva kakugunda ukonde kumbuyo.

Palinso masamu a m'mutu. Kampira koopsa kobwera m'mwamba, kukakankhira pamwamba pa mtanda ndi kupereka pointi imodzi kuti upulumutse 3. Timu yako ikutsogola ndi mapointi 2, mphindi zatha, pointi imodziyo ipereke ndi mtima woyera. Koma kukatulutsira kumbuyo m'mbali mwa mzati si kupulumuka kwenikweni, chifukwa adani amapatsidwa filikiki pa mzere wa mamita 65, ndipo akatswiri a masiku ano saiphonya kawirikawiri.

Nthawi zina chofunika ndi kusagwa msanga. Mu 2018, m'ndime ya semifainolo, Limerick ndi Cork anali atafanana mphamvu mphindi zikutha. Séamus Harnedy wa Cork analandira kampira pakhomo penipeni pa golo, n'kukaponya m'mwamba pang'ono kuti amenye. Nickie Quaid, goloboyi wa Limerick, sanadziponye mwakhungu. Anadikira kampira kachoke m'dzanja la mdani, n'kukakhudza ndi nsonga ya chipande. Limerick inapambana pa nthawi yowonjezera, n'kukatenga chikho chimene inali isanachigwire chiyambire 1973. Kukhudza kumodzi kokha, kochitidwa pa nthawi yake. Quaid naye anayamba wasewera pakati asanakhazikike pagolo, pamene bambo ake, Tommy Quaid, anaimapo kale.

Komabe kutchinga ndi gawo laling'ono la ntchito ya goloboyi wa hurling, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Nthawi iliyonse adani akapeza pointi kapena chigoli, kapena akaphonya kampira n'kutuluka kumbuyo, goloboyi ndiye amayambitsanso masewera pomenya kuchokera m'manja ali m'kabokosi kake. Amati puck-out. M'fainolo ya 2010 Kilkenny inapeza 1-18, ndiye kuti Cummins anayambitsa masewera ka 19, osawerengera pamene adaniwo anaphonya. Mikwapulo yolunjika pagolo imene goloboyi amatchinga pa masewera amodzi imawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Choncho amene amagawa kampira kambiri m'timu yonse ndi goloboyi, ndipo kakapita kwa adani kamabwerako ngati pointi pasanathe masekondi ochepa.

Kamenyedwe kakutali kali ndi ndondomeko yake. Amaima cham'mbali, phewa likuloza komwe kampira kakupita. Amakaponya pang'ono, osapitirira phewa. Thupi limachoka pa phazi lakumbuyo kupita pa lakutsogolo, chiuno chikutembenuka, ndodo n'kukakumana nako pakati penipeni pa chipande, ndipo mkono umapitiriza mpaka kumapeto. Mphamvu imachokera m'chiuno ndi m'miyendo, osati m'mapewa. Woponya m'mwamba kwambiri mphepo imamusunthira kampira asanamenye. Wodzutsa mutu msanga kuti aone komwe kapita amamenya ndi m'mphepete mwa chipande. Wofuna kuonetsa mphamvu amauma manja, mtunda n'kuchepa. Mphepo ikamachokera kutsogolo amamenya kotsika ndi kothamanga. Ikakhala kumbuyo amakakweza kuti mphepoyo imuthandize. Ndipo samenyera pamutu pa mnzake, koma pa malo opanda munthu, mbali imene mnzakeyo afike asanafike womulondera.

M'zaka za m'ma 2000 Dónal Óg Cusack wa ku Cork, amene anapambana All-Ireland mu 1999, 2004 ndi 2005, anatchuka ndi puck-out yaifupi, yopatsira wotseka kumbuyo amene waima payekha. Ochemerera ambiri ankaida, ankafuna kuona kampira kakuuluka. Lero matimu onse akuluakulu amaigwiritsa ntchito. Ngozi yake ndi imodzi: kampira kochedwa, koyandama, kodutsa kutsogolo kwa golo. Mdani akakadula, palibe womutchinga. Yaifupi imafuna kuti wolandira akhale yekha, akuyang'ana goloboyi, kampira kafike kothamanga pa msinkhu wa chifuwa kapena m'dzanja. Chimodzi mwa izi chikasowa, menyera kutali.

Pa kumenya kutali Cummins analibe mnzake, ndipo umboni uli paphiri. Chaka chilichonse ku mapiri a Cooley, m'boma la Louth, kumachitika mpikisano wotchedwa Poc Fada. Njira yake ndi makilomita 5, kukwera ndi kutsika phiri la Annaverna. Umamenya kampira, kutsatira, pamene kagwera n'kumenyanso; wopambana ndi amene wamaliza ndi mikwapulo yochepa. Tiyerekeze munthu akuchita zimenezi m'mbali mwa phiri la Dedza mwezi wa Julaye, mwera ukuwomba, nkhungu itatsika, pansi pali miyala ndi zigwembe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma pano kudumpha kulikonse kumawerengedwa. Cummins anapambana ka 9, koyamba mu 2004, komaliza mu 2015 ali ndi zaka 40, atasiya kale timu ya boma. Mu 2004 anamaliza ndi mikwapulo 48, ndiye kuti pa avereji mkwapulo umodzi unkapitirira mamita 100. Iye asanabwere, Ger Cunningham wa ku Cork, goloboyi nayenso, anapambana zaka 7 motsatizana kuyambira 1984 mpaka 1990. Phiri limaphunzitsa zimene bwalo losalala silingaphunzitse: kuwerenga mphepo, kumenya utaima popendekeka, ndi kudziwa pamene uyenera kufupikitsa dala kuti kampira kasagwere m'chigwembe.

Za penate ndingonena mwachidule. Imamenyedwa pa mzere wa mamita 20. M'masiku a Cummins pagolo pankaima anthu atatu, goloboyi ndi anzake awiri. Anthony Nash, goloboyi wa Cork amene ankamenyera timu yake mapenate, ankanyamula kampira ndi ndodo n'kukaponyera kutsogolo, kukathamangira, n'kukamenya atafika cha pa mamita 13, pamene kamafika pagolo m'gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Anamwetsa motero m'fainolo ya 2013 ndi Clare. Poona kuti munthu adzavulala, GAA inalamula mu 2014 kuti womenya asadutse mzere wa mamita 20, ndipo kuyambira 2015 pagolo pamaima goloboyi yekha. Kuvulala si nkhani yongopeka: Joe Quaid, goloboyi wina wa Limerick, anavulala koopsa kumalo obisika mu 1997 potchinga penate. Zipewa zolimba zotchinga ndi kumaso zinakakamizidwa kwa onse pa 1 Januwale 2010. Zisanatero magoloboyi ambiri, Cummins yemwe, ankaima mutu uli pamtunda. Choncho aphunzitsi musalole ana kutengera masewerawa ndi zibonga ndi miyala popanda zodzitetezera. Chimene tikutola ife ndi kaleredwe ka goloboyi.

Nanga pa mpira wathu wamiyendo zikugwira bwanji? Malamulo akhala akusuntha kulowera komweko. Kuyambira 1992 goloboyi sagwira ndi manja mpira womubwezera mnzake dala ndi phazi. Kuyambira 2019 golokiki siyeneranso kutuluka m'bokosi kuti mnzako aikhudze. Kuyambira 2025 wosunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8 amapereka kona. Malamulo onsewa akufuna goloboyi wodziwa kugawa, woganiza msanga. Koma m'mabwalo a sukulu zathu mukaona mwana wa pagolo akuitana wotseka kumbuyo kuti adzamumenyere golokiki, musaseke. Ameneyo sanaphunzitsidwe theka la ntchito yake. Ndipo wotseka kumbuyo akamamenya golokiki timu imakhala yaperewera munthu mmodzi kutsogolo, komanso adani amaima momasuka pafupi ndi golo popanda kuopa ofusayidi.

Zofunika si zodula. Tony Reddin, amene anapambana ndi Tipperary mu 1949, 1950 ndi 1951, ndipo ambiri amamuyesa goloboyi woposa onse a m'zaka zimenezo, ankadziphunzitsa pomenyetsa kampira pa khoma la miyala yosasalala. Makoma otero tili nawo pa sukulu iliyonse: njerwa zootcha zosapaka pulasitala. Mwana aime mamita 4 kapena 5 kuchokera pakhoma, mnzake ali kumbuyo kwake aponye kampira ka tenesi, iye awakhe kakabwerera osadziwa komwe kalowere. Maulendo 20, apume, abwerezenso katatu. Wozolowera kakang'ono kotero mpira waukulu amauona ngati dzungu. Mpira wonjanja auphunzire pa nthaka ya mitundu iwiri, yolimba gwa ya mu Okutobala ndi yoterera ya mu Febuluwale, chifukwa kagwiridwe kake n'kosiyana: pouma thupi likhale kumbuyo kwa mpira poyembekezera kulumpha, ponyowa manja atsike msanga. Mipira ya m'mwamba aiphunzire pali anthu omupanikiza, ndipo afuule asananyamuke, wosafuula abwereze. Golokiki aimenye yekha kuyambira ali wamng'ono, 10 phazi lililonse pa tsiku lophunzira, kulunjika pa thumba kapena chidebe choikidwa m'mbali mwa bwalo, ulendo wina motsata mphepo, ulendo wina molimbana nayo. Kamodzi pa sabata achoke pagolo asewere kutsogolo, monga ankachitira Cummins, kuti phazi lizolowere ndi kuti adziwe mtima wa womwetsa.

Akalakwitsa, kochi afunse chimene chalakwika asanafunse amene alowe m'malo. Anaima ndi zidendene? Anasintha maganizo ali m'malere? Anabwezera pakati? Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake a sabata imodzi kapena ziwiri. Kumuchotsa pamaso pa anzake sikuchiza chilichonse, kumangophunzitsa wolowa m'malo mwakeyo kuti aziopa mpira. Ndipo mnyamata wa zaka 24 amene matimu athu ena amamuona ngati wakhalitsa, pa msinkhu umenewo Cummins anali asanagwire chikho cha All-Ireland, Skehan anali adakali pabenchi.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. Atolankhani anu akapita ku Dedza Stadium kukaonera Dedza Dynamos, kapena ku fainolo ya sukulu ku Ntcheu, atenge kapepala alembe mizere iwiri pa goloboyi aliyense: mipira imene wagawa n'kufika kwa mnzake, ndi imene yapita kwa adani. Awonjezepo mipira ya m'mwamba imene waitulukira, ingati wagwira, ingati wabwezera pakati. Manambalawo muwasindikize pansi pa zotsatira, pamodzi ndi zaka za goloboyiyo ndi nyengo zimene wakhala pagolo la timu imeneyo.

Ine wanu wokonda masewera,
Bembeke, Dedza